Ku Biwi aliyense ndi dokotala wa Chaser

Sabata ino ku Biwi anthu aiwalako za mzere wa mafuta ndi za dola. Imene ili m'kamwam'kamwa ndi Toyota Chaser ina yoyera yomwe yakhala pa majeki kuseri kwa galaja, giyabokosi ili pansi. Injini yake ndi 1JZ-GTE ija, ya masilinda 6 ndi malita 2.5, imene anyamata amaitchula mwaulemu kuposa mmene amatchulira apongozi awo. Mwini wake anachotsa turbo yomwe inabwera nayo kuchokera ku Japan n'kuikamo chimphona. Pa msewu wa ku Salima akuti ikatenga liwiro palibe woiona. Vuto lili ponyamuka. Pa maloboti inasiyidwa ndi mayi wina wa Vitz atanyamula matumba a makala, ndipo amene anaona sanasunge pakamwa.

Madokotala onse agwirizana chimodzi, kuti matenda ali mu torque converter, imene kuno angoti konveta. Pa mankhwala ndi pamene pavuta.

Konvetayo ndi chim'phika chachitsulo chowotcherera mbali zonse, chodzaza oyilo wa giyabokosi, ndipo chimakhala pakati pa injini ndi giyabokosi ya otomatiki, pamalo pamene galimoto ya manyuwo imakhala ndi klatchi. Amakaniko amafotokoza ndi mafani awiri oyang'anizana: mukayatsa imodzi, mphepo yake imazunguza inzake. M'katimu mphepoyo ndi oyilo. Pakati pa awiriwo pali kagudumu kachitatu, stator, kamene kamabweza oyilo kuti akakankhenso, ndipo ndiko kamachititsa kuti ponyamuka mphamvu yokokera ichuluke pafupifupi kawiri. Nambala imene ikudanitsa anthu ndi ya stall. Mukaponda buleki, giya ili mu D, n'kuponda moto mpaka pansi, kamuvi ka marevu kamakwera n'kukaima penapake matayala osayenda. Konveta za kufakitale zambiri zimaima chapafupi ndi 2,000. Koma turbo yaikulu pa marevu amenewo imakhala idakali m'tulo, imadzuka kamuvi katapitirira 3,000. Konveta ya stall yokwera imalola injini kuti ithamange kaye mpaka pamene pali mphamvu, kenaka n'kugwira.

Gulu loyamba ndi la anyamata a YouTube. Awa safuna kumva nambala yochepera 4,000, chifukwa anaona mzungu wa ku Texas akudzutsa matayala akutsogolo m'mwamba. Mukawauza kuti mzunguyo galimoto yake imabwera pa ngolo, imathamanga mamita 402 basi n'kukwezedwanso pa ngolo, amakuyankhani kuti muli ndi maganizo a umphawi.

Mdala wina amene anaphunzira ntchito pa Peugeot 504 amangowamvera atakhala pa tayala, akudya chinangwa. Kwa iwo nkhani yonseyi ndi chilango cha ulesi. "Ana inu, mwendo wakumanzere Mulungu anakupatsirani chiyani?" Akuti a Toyota anatulutsanso Chaser ya manyuwo, ya giyabokosi ya R154, ndiye mwini galimotoyo afunefune imeneyo aleke kuvutitsa anthu. Apa alamu ake a mwini galimoto, amene anakhalako ku Johannesburg, amavomera ndi mutu, n'kuwonjeza kuti anyamata a kumeneko amene amazunguza BMW 325i mpaka utsi tolo, palibe amene amafunsa za konveta. Zoona zake mdalayu sakunama. Kungoti R154 yabwino simungaitole pansi, ndipo imafuna pedulo, flywheel, klatchi ndi mawaya ake, zonse za dola.

Wogulitsa masipeyala wa pakona, monga mwa nthawi zonse, ali nayo. Anaitulutsa pansi pa benchi, anaipukuta ndi malaya, n'kuigwedeza pafupi ndi khutu la bwanayo kuti amve kuti m'kati mulibe chophwanyika. Inachokera mu Hilux Surf ya dizilo. "Ndi yomweyo, bwana, bokosi lake ndi limodzi." Pa mawu amenewa pali kachoonadi, poti giyabokosi za banja la A340 a Toyota anaziika m'magalimoto ambiri, kuyambira Crown, Mark II ndi Supra mpaka Surf. Koma konveta ya dizilo anaipangira injini imene mphamvu yake ili pansi, ndiye imagwira msanga. Itati yalowa n'komwe, Chaser ingayambe kusiyidwa ndi akabaza opalasa.

Kunabweranso wowotcherera ndi galainda yake kukhwapa. Iye anamva kuti akatswiri amadula konveta pakati, kupinda zipsepse zam'kati, n'kuiwotchereranso, ndiye akuti apatsidwe theka la ndalama ya kasitomu aimalize tsiku lomwelo. Anamva bwino, kungoti anamva theka. Akatswiriwo amadula pa makina a lathe, amayeza mpata wam'kati, akawotcherera amayesa ngati ikudontha, kenaka amaiika pa makina oona ngati ikulemera mofanana mbali zonse. Chitsulo cholemera chonchi chikamazungulira maulendo 6,000 pa mphindi chitapendekeka pang'ono, galimoto yonse imanjenjemera mpaka pampu ya giyabokosi kutha.

Mphunzitsi wina wopuma ntchito, amene anabwera kudzamatitsa tayala, anaona kuti mkanganowu ukusowa mbiri. Anauza khamulo kuti chipangizochi anachitulukira ndi Mjeremani Hermann Föttinger mu 1905, ndipo ankapangira sitima zapamadzi, kuti m'galimoto za anthu wamba chinatchuka ndi Buick mu 1948. Kamnyamata kogwira sipanala kanangoti, "Ndiye aitengere ku Monkey Bay, akafunse a Ilala." Aphunzitsi sanaseke.

Chimene ambiri sakufuna kumva n'chakuti nambala yolembedwa pa katoni si lonjezo. Konveta imodzi yomweyo ikaikidwa kuseri kwa injini yamphamvu imakwera stall, ikaikidwa kuseri kwa yofooka imatsika. N'chifukwa chake opanga enieni asanakugulitseni amayamba akufunsani: galimoto ikulemera bwanji, difu yake ndi ya magiya otani, matayala ndi aakulu bwanji, camshaft munasintha kapena ayi, turbo imadzuka pa marevu angati. Bwana wathu mafunso amenewa anamufika pa foni ndipo akuti anatuluka thukuta. Mphamvu ya injini yake amaiyeza ndi khutu komanso kukuwa kwa anzake. Pa funso la kulemera anafunsa ngati awerengere ndi masipika a m'buti.

Ndiyeno pali kutentha, kumene ine ndikuona kuti ndiye mwini nkhani. Stall yokwera ndiye kuti konveta ikuterereka kwambiri isanagwire, ndipo kutererekako kumasanduka moto mu oyilo. Ganizani mwezi wa Okutobala, masana, galimoto zitathinana pa mlatho wa Lilongwe, kuyenda pang'ono kuima, kuyenda pang'ono kuima. Oyilo amene anali wofiira amada n'kuyamba kununkha chopserera, ndipo zimbale za klatchi zam'giyabokosi zimatsatira. Wofuna konveta yotere agulire limodzi cooler, kalediyeta kakang'ono ka oyilo koika kutsogolo, ndipo asalole kuti amuchotsere lock-up, kaklatchi kam'kati kamene kamamanga injini ndi giyabokosi pamodzi galimoto ikakhazikika pa liwiro. Popanda iko, ulendo wa ku Blantyre muzikaima pa filing'i siteshoni iliyonse, ndipo si iliyonse imene mukapezeko mafuta. Mabuku a amakaniko amanenanso kuti kuyesa stall kusapitirire masekondi asanu. Ku galaja kuja, galimoto isanakwere pa majeki, ankayesa mobwereza aliyense wodutsa akapempha kuti amveko kulira kwake.

Mayi a kunyumba kwa bwanayo nawo maganizo awo afika, kudzera kwa mlamu uja. Galimoto yomweyi ndi imene imatenga ana kusukulu ndi kupita ku tchalitchi Lamlungu. Anamva kuti konveta ya 4,000 imachititsa injini kubangula kaye galimoto isanasunthe bwino, ndiye afunsa kuti pa geti ya tchalitchi azimayi a chigwirizano aziti chiyani. Afunsanso za malata a nyumba ya ku Area 25 amene akhala akudikira chaka chino chonse. Funso lachiwirili palibe dokotala wa ku Biwi amene waliyankha.

Ine nditafunsidwa ndingati atenge ya pakati pa 2,800 ndi 3,000, ya lock-up, ndi cooler yake, ndipo poika athiremo oyilo kaye n'kuikankha mozunguza mpaka ikhale pansi penipeni, chifukwa akaimanga isanalowe yonse pampu imasweka injini ikangolira koyamba. Pa misewu ya mahampu, maenje ndi apolisi obisala ndi kamera, yoposa apo sadzaipezera poigwiritsa ntchito.

Zomwe zamveka dzulo n'zakuti mwini galimoto waitanitsa ya 3,500, kuti anyamata asamuseke komanso mdala asamunyoze kwambiri, ndipo ibwera pa basi ya ku Joni. Za cooler akuti aona mwezi wamawa. Mkangano tsopano wasamukira pa oyilo, ngati athire wolembedwa m'buku la Toyota kapena wa m'zigubu zopanda dzina. Wa masipeyala uja wanena kale kuti ali naye, ndipo ndi yemweyo, poti onse ndi ofiira.