Besi Yapita Kuti?

Sabata ino mtengo wa feteleza wapumako pakamwa pa anthu. Chimene chautsa mapiri pachigwa ndi kakanema kamene kakuzungulira m'mafoni: mphunzitsi wa mawu wa kunja akuyamba chiganizo ndi besi yogwedeza mazenera, n'kuchimaliza ndi mawu a mayi weniweni.

Pa siteji ya minibasi mlandu unagamulidwa msanga. "Ndi makina amenewo, bwana," anatero kondakitala, mawu ake osasa ndi kuitanira. Dalaivala anakana, akuti ndi zitsamba, ndipo iye akumudziwa sing'anga wake.

Ku saluni kunalibe wodabwa. "Asisi, chachilendo n'chiyani? Si uja anawaimbira alamu anga usiku, mawu anthetemya, akuti watumiza ndalama molakwitsa? Alamu anabweza, n'kuwonjezerapo yogulira sopo. Atamugwira, munthu wake ndevu pepeya!"

Pa bawo, mnyamata wina anafunsa ngati zilombo za kudambwe zolankhula timawu tating'ono zija zimaphunziranso zotere. Agogo sanadzutse n'komwe mutu. "Mdzukulu wanga, gule ndi gule, alibe mmero. Takata, nthawi ikupita."

Amene anaitambasula nkhaniyi ndi mphunzitsi wa kwaya, atamaliza kulimbana ndi anthu ake a tenala. Akuti m'kholingo muli timinofu tiwiri timene timanjenjemera mpweya ukamadutsa. Ta mwamuna wamkulu timanjenjemera pafupifupi ka 120 pa sekondi, ta mkazi ka 200 kapena kupitirirapo. Mnyamata akamatha msinkhu, mahomoni achimuna amatitalikitsa ndi kutinenepetsa, nkhwiko n'kutuluka, besi n'kulowa. Ikalowa yalowa: mahomoni achikazi saichotsa. N'chifukwa chake ku London kapena ku Johannesburg, anthu obadwa amuna koma odzimva kuti ndi akazi amapita kwa akatswiri a kalankhulidwe, ndipo ambiri amalimbikira kufika cha m'ma 180.

"Ndiye kungokweza mawu basi, aphunzitsi?" anafunsa wa besi wina, n'kuyesa pomwepo. Zinatuluka za Mickey Mouse, ana a Sande sukulu mpaka kugubuduka.

"Apo ndi pamene tauni yonse ikuphonya, achimwene," anatero aphunzitsi. "Mpanje uwambeni pamoto mmene mungathere, chikopa chikungike, ulirabe ngati mpanje. Mbalule imamveka mbalule chifukwa cha thunthu lake." Thunthu la munthu ndi njira yochokera pakholingo kufika pamilomo, ya mwamuna pafupifupi masentimita 17, ya mkazi 14 kapena 15. Ntchito yeniyeni ndi kuichepetsa njirayo: kukweza kholingo pang'ono, kukankhira lilime kutsogolo, kutambasula milomo ngati womwetulira. Wophunzira amang'ung'udza "mmm" mpaka milomo ndi mphuno ziyambe kunyerenyesa, amauzira mpweya m'madzi ndi kapaipi komwera zakumwa kuti asaumirize mmero, amadzijambula n'kumadzimvera yekha. Zimatenga miyezi, ndipo wopupuluma amangosasa mawu. Opaleshoni yofupikitsa timinofu tija iliko, koma imakunga chikopa chokha, thunthu silisintha.

Wophunzira wa ku yunivesite sanafune kutsalira. Akuti ku England, chisanafike chaka cha 1660, mbali za akazi m'zisudzo ankasewera ndi anyamata, ndipo ku Japan akazi analetsedwa kusewera zisudzo za kabuki mu 1629, moti mpaka lero kuli amuna otchedwa onnagata amene moyo wawo wonse amasewera ngati akazi. Mayi wogulitsa mandasi anapukusa mutu. "Mwana wanga, ndiye kuti anathamangitsa eni ake, kenako n'kutha zaka akuvutika kuwatsanzira? Amuna inu!"

Pofika Lachisanu, m'mabafa angapo a ku Ndirande munkamveka kung'ung'udza kwachilendo, ndipo bambo wina wopezeka akuuzira thovu m'kapu ya madzi anauza mkazi wake kuti akuyesa ngati madziwo ali ndi klorini.

Mawu otsiriza anali a mayi wina pa mjigo. "Anzanga, awo akutaya ndalama kwa akatswiri. Bambo a kwathu besi yawo ana amathawa. Koma adikireni pa 20, akamaimbira wakatapila kuti awadikireko mpaka malipiro. Sopulano yake, ngakhale amvano sangafikepo."