Ulemu kwa a Dzala a pa Lizulu

M'boma la Ntcheu muli olemekezeka ambiri, koma pali mkulu mmodzi amene sitinamuvinirepo ingoma ngakhale kamodzi. Ndikunena a Dzala, okhala kuseri kwa msika wa Lizulu, paja msewu wa M1 umalekanitsa Malawi ndi Mozambique.

Wawa a Dzala, inu osasankha! Kabichi wokanidwa ndi opikula a ku Blantyre mumamulandira. Tomato wophwanyikira pansi pa dengu, kachewere wotemedwa ndi khasu, masamba a anyezi, makoko a nthochi, onsewo mumati fikani. Simufunsa chitupa cha unzika. Ndipo kulengeza mumakutha: mvula ikangowaza mu Disembala, wokwera minibasi amadziwa kuti mulipo asanakuoneni. Ntchentche zobiriwira zija ndi nduna zanu. Mbuzi ndi akhwangwala amabwera kudzakulonjerani m'mawa uliwonse, ife anthu tikudutsa titagwira mphuno.

Koma chimene ndimakugwadirani kwambiri ndi kulimba kwanu pa chuma. Nkhondo itabuka ku Ukraine mu 2022, thumba la feteleza lidakwera mtengo. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, thumba lija nkukweranso. Inu phee. Simudikira sitima pa doko la Beira kapena Nacala, simufuna ndalama zakunja. Chiyambire makuponi a feteleza mu 2005 takhala tikupsa ndi dzuwa pamzere, kukangana za maina osowa m'kaundula, inu muli poteropo kuwola mwaulemu, osaitanitsa ngakhale tambala.

Alangizi a zaulimi amaudziwa mtundu wanu. Pali abale anu a Chimato: mlimi amasanja mapesi oduladula, masamba aawisi, ndowe ndi phulusa, kuwaza madzi, kenaka kumata mulu wonse ndi dothi. Pakapita masiku amabaya ndodo pakati. Ikatuluka yotentha ndi yonyowa, ndiye kuti tizilombo tosaoneka ndi maso tili pa ganyu m'katimo. Miyezi iwiri kapena itatu ikatha, fungo loipa lija palibe, patsala zakuda bii, zofumbutuka m'manja. Palinso a Mbeya, achangu pa onse: feteleza makilogalamu 10, madeya, ndowe, phulusa ndi madzi pang'ono, kumanga m'thumba masiku 21, basi thumba ladzaza.

Nanga ife timakuthokozani bwanji? Mapesi amene mukadadya timawayatsa mu Ogasiti pofuna mbewa. M'malo mwake timakudyetsani majumbo opyapyala, omwe boma lidaletsa kale mu 2015. Awo okha ndiwo amakukanikani kugaya, ndipo sindikudzudzulani.

Nkhawa yanga ndi imodzi. Tsiku lina padzabwera wachinyamata wopanda ulemu ndi wilibala, fosholo ndi sefa. Adzakutolani majumbo ndi mabotolo, adzakutembenuzani kawirikawiri kuti mupume mpweya, adzakusefani nkukulongedzani m'matumba. Kenaka adzakugulitsani kwa alimi a madimba a ku Tsangano ndi ku Biriwiri, komwe kudachokera kabichi uja, ndalama nkuika m'thumba mwake. Msika udzayera, nduna zanu zidzasowa ntchito, ndipo okwera minibasi adzayamba kufunsa kondakitala ngati pano ndi pa Lizulu.

Wachinyamata iwe, ngati ukuwerenga, ndakuletsa. Koma ukakanika kumvera, thumba loyamba undisungire.