Satifiketi inadya mbuzi, ine ndikudya ulemu

Kwathu mtengo wa sukulu sawerengera makwacha, amawerengera mbuzi. Malinga ndi kuwerenga kwa amalume, satifiketi yanga ya uphunzitsi inameza khola lonse, kungosiya chingwe.

Mbuzi yoyamba inapita ndisanaone ndi geti la koleji lomwe. Masamu a MSCE anandikana, ndiye kunali kubwereza. Ndipo lero ndine amene ndiyenera kuphunzitsa ana anu kuchotsera mobwereka. Musade nkhawa, kubwereka ndiye ndimakudziwa.

Kenako zaka ziwiri za maphunziro a uphunzitsi a IPTE. Pepala la zofunika linali lalitali: fizi, chidebe, bulangeti, nsapato zakuda, tayi. Mayeso a MANEB nawo salembedwa ndi pemphero lokha. Amalume ankangotsegula khola, mbuzi n'kumatuluka osatsazika.

Zenizeni ndinaziona nthawi yoyeserera kuphunzitsa. Tinali anyamata anayi m'nyumba imodzi, tayi yooneka bwino inalinso imodzi, yovala amene alekichala akudzamuona tsiku limenelo. Ndalama ya mapepala a matchati itatha, ndinakumbukira TALULAR, nzeru ija yoti uziphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalopo. Ndinayamba kutola zitsekerero za mabotolo kuseri kwa bala, ndili mutayi. Sabata isanathe uthenga unali utafika kwa amayi kuti mwana wanu uja sukulu yamuzunguza mutu.

Satifiketi ndinaitenga. Ili mufulemu pakhoma, ikudikira ntchito limodzi ndi mwini wake. Chimene chinabwera msanga ndi dzina. Mudzi wonse tsopano ndi "aphunzitsi, aphunzitsi", ndipo dzina limeneli ndi lodula kuposa fizi. Pamaliro amandipatsa mpando ndi kope kuti ndizilemba chipepeso. Ndiye munthu wogwira cholembera ungalembe K200 pa dzina lako, agogo ogulitsa zitumbuwa atapereka K500? Ndikapita kofuna ganyu amandiseka mwaulemu: "Aa, aphunzitsi, musatichimwitse. Khasu ndi la ife osaphunzira." Ndimabwerako ndi ulemu wodzaza manja awiri, koma kuchigayo salandira ulemu.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinamwetulira chamumtima kuti ngongole yanga yapepuka. Ndinathamangira kwa amalume ndi kope, kufuna kuwalongosolera za chuma.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, akufwenkha fodya.

"Mphwanga, ine sindinakukongoze kwacha. Ndinakukongoza mbuzi, ndipo mbuzi siinagwe."

Ndinati nditsutse, iwo n'kukweza chala.

"Zinanso zinali ndi bere. Poti ndiwe mphunzitsi, khala pansi uwerengere ana ake, ndi ana a ana akewo."

Ndakhala ndikuwerenga kuyambira tsiku limenelo. Zitsekerero zija zandithera, ndiye amene mumamwa, chonde musamataye.