Ulemu kwa a Chibeseni a pa Chonde

Anthu akamatamanda nyumba yatsopano pa Chonde amatchula malata, geti ndi penti, n'kuiwala mkulu amene wakhala phee kuseri kwa chitseko chomaliza m'kolido. Ndikunena a Chibeseni, oyera mbee, aja m'masitolo a ku Limbe amawatcha bathtub. Palibe anawapekerapo nyimbo. Lero ndiwalankhulire ine.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma awa sanawaone. A Chibeseni amafika pa lole, atakulungidwa m'makatoni, atamangidwa ndi linya. Ndalama yowagulira imachokera kwa mwana amene ali ku Joni, yemwe amatsuka chotere m'nyumba ya abwana ake ndipo analumbira kuti amayi ake nawonso adzasamba chogona. Kutalika kwawo ndi mita imodzi ndi masentimita 70, pomwe kolido anaimanga asanawaganizire. Pokhota amakanirira. Anyamata amawatembenuza uku ndi uku, thukuta lili kamukamu, mpaka mmisiri atulutse mawu amene mwini nyumba aliyense amawaopa: "Bwana, apa tigumulepo pang'ono." Ndiuzeni mlendo wina amene khoma limamupatukira.

Kuno mkamwini akafika pamudzi amayamba wagwira khasu kuti apongozi amuone mphamvu. A Chibeseni ayi, mudzi ndiwo umawagwirira ntchito. Pulambala amagwada, kuika levulo pamilomo yawo, kukweza apa ndi kachidutswa ka njerwa, kutsitsa apo, chifukwa akangopendekera kolakwika madzi amatsalira kumutu osafika pabowo. Pansi amalumikiza paipi yopindika, imene imasunga timadzi totchinga fungo la kudzenje kuti lisabwerere m'nyumba. Kenako njerwa kuzungulira, simenti, pulasitala. Mmisiri wosamala amasiya kachitseko pambali koti dzanja lidzalowe paipi ikadzayamba kudontha, koma ambiri amamata ponseponse "kuti pakongole." Apa mpamene pali chifundo cha a Chibeseni: amaganizira mawa la amisiri. Tsiku limene chinyezi chidzatulukire kuchipinda chogona, penti n'kuyamba kusupuka, munthu yemweyo adzabwera ndi hamala ndi tchizulo, adzaswa zimene anamanga, ndipo adzalandiranso.

Mkulu sakhala yekha. A Chibeseni amafuna nduna zawo, matailosi, ndipo awa ndimawavulira chipewa chifukwa sadziwa kunama. Khoma limene aliyense ankati n'lowongoka, limene womanga analiyeza ndi diso lokha, matailosi amaliulula asanafike pakati: mpata umene pansi munkangolowa kamtengo ka machesi, pamwamba mukulowa chala. Gogodani tailosi imodziimodzi ndi ndalama yachitsulo. Ikalira gobogobo, dziwani kuti simenti ina inapita kukamanga khonde kwina. Podula za pakona ndi zozungulira mpope zina zimasweka, choncho makatoni amene anawerengedwa kuti akwana amatha khoma litatsala mizere iwiri. Mwini nyumba akwere minibasi kubwerera ku Limbe, kumene akamuuze kuti mtundu umenewo unatha koma ulipo wina "wofananako." Amene ulendo wachiwiriwo unawapeza Novembala wa 2023 atadutsa, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, anaphunzira zachuma osalipira fizi ku yunivesite. Mukaona mizere ya pamwamba ili ya buluu wina, musaseke. Mbiri ya dziko imeneyo.

Tsono tifike pa madzi. Kuti munthu wamkulu agonemo madzi n'kumufika pachifuwa, pamafunika malita pafupifupi 100, ndiye kuti zigubu zisanu. Bafa la udzu la kuseri kwa nyumba limakhutira ndi ndowa imodzi, zomwe zikungosonyeza kuti lilibe ulemu. Phiri la Mulanje tikuliona apo, ndipo kwa zaka zambiri madzi ake akhala akutsika okha m'mapaipi kupita m'midzi, koma namondwe wa Freddy atakokolola mapaipi mu Malichi 2023 tonse tinakumbutsidwa kuti mpope ndi lonjezo chabe. Nthawi ya chilimwe umatsokomola mphepo. Madzi otentha nawo ndi mlandu wina: giza imadikira magetsi, ndipo mukati muphitse pa nkhuni, poto wachisanu akamawira woyamba wazizira kale. Ndani wina amene waphunzitsa banja lonse masamu a madzi mwa njira imeneyi?

Anganga, amayi a mwana wa ku Joni uja, amene zonsezi zinachitikira iwo, anasuzumiramo kamodzi. Anayang'ana msinkhu woti adumphe ndi bondo lawo lija, anaponda tailosi yonyowa n'kugwira chitseko, kenako anafunsa: "Mwanawe, ndiye munthu akhale m'madzi a litsiro lake lomwe? Nanga mwala wokhulira zidendene uli pati?" Anatenga chinkhupule chawo n'kulunjika kuseri. A Chibeseni sanakwiye. Sakwiya konse.

M'malo mwake anangodzipezera ntchito zina, ndipo kudzichepetsa kotereku n'kosowa mwa akuluakulu. Mpope ukatsitsimuka pakati pa usiku, amayi amadzuka, kutseka bowo n'kuwadzazitsa mpaka pamilomo, ndipo banja limadalira pomwepo masiku angapo. Akaphwa, amalandira mabulangete, ana n'kumapondaponda thovu likusefukira. Dengu la nandolo likasowa pobisala kuopa mbuzi, iwo alipo. Udzudzu nawonso saubweza, malinga madzi akhalitse. Kusamba kumene kumachitikamo ndithu: munthu amalowa ndi ndowa yake ndi kapu, n'kuimirira, kusamba monga ankasambira kale, kungoti tsopano ataimirira pa ndalama zambiri ndiponso poterera.

Tsiku lawo lalikulu limadza mu Okutobala. Kuyambira 2008, pamene malemu Bingu wa Mutharika anakhazikitsa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde pompano, mwezi umenewu umabweretsa ng'oma za tchopa, ogulitsa gondolosi, fumbi, ndi abale a ku Blantyre ndi ku Lilongwe ofuna pogona. Ndi mwezi womwewo umene dzuwa limaswa mtengo, madzi n'kusowa zedi. Bambo amatsogolera alendo m'kolido, kutsegula chitseko chomaliza mwapang'onopang'ono, n'kudikira kuti anene "Eee, mwatukukatu." Alendo amanenadi. Mmodzi wa iwo, wozolowera za m'tauni, amayamba kumasula mabatani a malaya, diso lili pa madzi oyera odzaza thoo, dzanja likupita ku kachingwe ka chotsekera pabowo. Amayi amatulukira kukhitchini akuthamanga, mthiko uli m'manja.

"Alamu, pepani! Anu ali mundowamo. Awo musawakhudze, ndi ophikira mpaka Lachitatu."