"Bestie", "bru" ndi alendo ena amene adzaza m'tauni muno

Nkhani ili m'kamwam'kamwa m'masaluni sabata ino ndi ya mayi wina wa ku Chilomoni amene anapeza dzina lachilendo mufoni ya amuna ake. Silinali dzina la munthu ayi. Panangolembedwa kuti "Bestie", kutsogolo kwake kuli kamtima kofiira. Bambowo atapanikizidwa, akuti anayankha mosaphethira n'komwe kuti ameneyo ndi mnzawo chabe wa kuntchito, komanso mawuwo ndi Chingerezi chovomerezeka chopezeka m'dikishonale. Apo sananame, chifukwa a Oxford English Dictionary anawalowetsadi m'buku lawo mu 2014. Koma mayiwo akuti za dikishonale analibe nazo ntchito. Funso lawo linali lakuti mnzawo wa kuntchitoyo amaimbiranji foni 11 koloko usiku, pamene ofesi imatsekedwa 5 koloko.

Amayi a m'saluni agawikana pawiri. Akuluakulu akuti bestie ndi chibwenzi chimene chikuopa kutchulidwa dzina. Atsikana akuti vuto ndi Chichewa chathu chomwechi, poti ukangonena mnyamata kuti "bwenzi langa", mawa lake azakhali ayamba kufunsa tsiku la chinkhoswe, ndiye munthu umathawira ku Chingerezi kuti upume. Ine ndikuona kuti mbali zonse zikunena zoona, ndipo n'chifukwa chake mawuwa akuyenda malonda chonchi.

Ku Ndirande nkhani ndi ya mnyamata amene wangotsika basi kuchokera ku Johannesburg, ku Joni kuja, atanyamula sipika yaikulu ndi Chingerezi chatsopano. Aliyense kwa iye ndi "bru" kapena "chommie". Anthu ankangomusekerera mpaka tsiku limene anakumana ndi amalume ake pamsika n'kuwapatsa moni wakuti "howzit, my china". Mkuluyo anaima, nadziyang'ana m'manja, kenaka anafunsa anthu ogulitsa tomato ngati iye wayamba kuoneka ngati Mtchaina. Zoona zake n'zakuti mawuwo anabadwira kum'mawa kwa mzinda wa London, kumene a Cockney ali ndi masewera osinthanitsa mawu omveka mofanana kumapeto. M'malo mwa "mate" ankati "china plate", pambuyo pake mbaleyo inagwera panjira, n'kutsala "china" yekha amene anakamera mizu ku South Africa. "Bru" ndiye anachokera ku Chiafrikaans, kumene mchimwene amati "broer". Wina atawafotokozera amalumewo zonsezi, iwo anangoti: "Kaya ndi mbale kaya ndi poto, ine si mnzake. Ndinamuberekapo kumsana ameneyu."

Obwera kuchokera ku Mangalande nawo ali ndi yawo. Bambo wina amene anakagwira ntchito yosamalira okalamba ku Manchester amasimba kuti atangofika ankadziona ngati munthu wamwayi, poti dalaivala wa basi ankamuti "mate", wa m'sitolo "mate", ngakhale wapolisi "mate". Anadzazindikira mochedwa kuti kumeneko ngakhale munthu amene akupinda malaya kuti akumenye amayamba ndi mawu omwewo. Omvera ake sanadabwe. Kuno kondakitala wa minibasi amakutchula kuti "bigi" kapena "amwene" pokukweza, koma ndalama ikangoperewera K200, maina onsewo amathera pomwepo.

Kumene nkhaniyi inakoma kwenikweni ndi pabwalo la bawo, pansi pa mtengo wa mango ku Area 25. Pamenepo pamakhala mphunzitsi wina wopuma pantchito amene sangalole kuti mawu a Chingerezi adutse osawafunsa kwawo. Iye ndiye anauza anzake kuti ambiri mwa mawuwa anayambira pa mbale ndi pamphasa. "Mate" anachokera ku Chijeremani chakale cha kumpoto, ndipo ankanena munthu amene umadya naye limodzi. "Companion" ndi Chilatini, ndipo m'kati mwake muli "panis", buledi, kutanthauza wonyemerana naye. "Comrade" ndi "camarada" wa Chisipanishi, munthu wogona naye chipinda chimodzi, makamaka asilikali. "Chum" anayamba ndi ophunzira a ku Oxford cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1600, nayenso ankanena mnzako wa m'chipinda. "Pal" yekha ndiye Angerezi anabwereka kwa anthu a mtundu wa Aromani, ndipo kwawoko amatanthauza m'bale wako.

Mmodzi wa osewerawo anasiya kutakata, nafunsa ndi nkhope yosaseka: "Nanga aphunzitsi, uja ndinkagawana naye chigumu ku sekondale, bedi lake pamwamba langa pansi, koma lero amandidutsa pa Prado atakweza magalasi, ameneyo Chingerezi chake n'chiyani?" Mphunzitsi uja anati zitengera kumene Pradoyo inachokera. Ngati inabwera chifukwa chodziwana ndi akuluakulu, ndiye kuti munthuyo anakwezedwa, tsopano ndi "crony" wa wina. Mawu amenewa akuti anayamba bwinobwino pakati pa ophunzira a ku Cambridge m'zaka za m'ma 1660, ndipo ankangonena bwenzi lakalekale. Lero ndi mawu a manyazi, amene timawaona m'nyuzipepala nthawi iliyonse maudindo ndi makontirakiti akagawidwa mwa chinzake. Ubwenzi ndi womwewo, changosintha n'chakuti mbale imene akudyeranayo ndi ya tonse.

Za "comrade" sanakhalitsepo. Wina amene anakulira ku Harare anati kumeneko nyuzipepala ya boma ya The Herald imachita kulemba "Cde" patsogolo pa maina a akuluakulu a chipani cholamula. Kuno makomuredi amachuluka m'mawa wa tsiku la zionetsero, koma utsi wokhetsa misozi ukangophulika aliyense amakumbukira kuti anasiya nyemba pamoto.

Amene wandimaliza ndi mtsikana wina wa pakabenchi kotumizira ndalama pafoni. Iye akuti safuna kalendala kuti adziwe kuti mwezi wafika pakati, amangomvera Chingerezi cha makasitomala ake. Munthu amaima pambali, foni kukhutu, mawu atafewa: "My guy! My brother from another mother! Kusowatu bwanawe." Akangomva zimenezo, iye amayambiratu kuwerenga ndalama, podziwa kuti chotsatira n'chakuti "ndiponyereko kangachepe, ndibweza Lachisanu". Koma akuti amene amatumiziranadi ndalama zenizeni, za chipatala kapena za fizi, sawamvapo akutchulana maina okoma. Amangoti, "Iwe mfiti iwe, yalowa?" Winayo n'kuyankha ndi chipongwe chinzake, basi foni yadulidwa. Bwenzi la ponda apa nane m'pondepo lilibe nthawi yokometsera moni.

Choncho inu amene mwalandira uthenga woyamba ndi "Hi bestie" kuchokera kwa munthu amene munaonana naye komaliza pa ukwati wa chaka chatha, musathamangire kuyankha. Yambani mwaona kaye kuti lero ndi pa chani.