Kuthamanga si kufika, nanga chofika n'chiyani?

Makolo athu adati kuthamanga si kufika, ndipo adanena izi asanaone bambo wandevu zake atalipira ndalama kuti aloledwe kuthamanga makilomita 21 popanda galu womupirikitsa. Masiku ano zimenezi zafala m'tauni. Mabwana a m'maofesi amadzuka tambala asanalire, kabudula m'chiuno, nambala pachifuwa, wotchi yowerenga kugunda kwa mtima padzanja, akuti tikuthamangira kafukufuku wa khansa. Munthu wa ku Ndirande akaona zotere amagwira pakamwa, chifukwa kwawoko liwiro lili ndi zifukwa zodziwika. Venda amaliyatsa akaona galimoto ya khonsolo, wogwira ntchito ku Makata amathamanga nthawi yolowera ikamuthera, ndipo wina amathamanga mumsika anthu akakuwa kuti wakuba. Onsewa amadziwa chimene akuthawa kapena kumene akupita. Koma bwana uyu wanyamuka pa Kamuzu Stadium, wazungulira tauni, n'kubwerera pomwe adanyamuka paja miyendo ili njenjenje, ndipo anthu akumuombera m'manja. Mwambi uja ukadakhala ndi chithunzi, chikadakhala cha munthu ameneyu.

Wanzeru wina wa pabawo ku Chinseu afunsa kuti, ngati nkhani ndi ndalama, bwanji osangopereka n'kukhala pansi? Funsoli ndi labwino, koma wofunsayo waiwala mmene thumba la Mmalawi limatsekukira. Pitani ku ukwati uliwonse muone perekaniperekani. Mlamu amene wakhala miyezi itatu akunena kuti zinthu zavuta, nyimbo ikangolira, woyendetsa mwambo n'kuitana akuchimuna, amadzuka n'kumaponya ma K500 m'lichero akuvina mpaka thukuta kamukamu. Ndalama yomweyo mukadaipempha mwakachetechete pakhomo pake, mukadauzidwa kuti mubwere mwezi ukatha. Dzanja lathu limafuna ng'oma ndi mboni. Mpikisano wothamanga ndi perekaniperekani wa pamsewu: wothamangayo ndiye mkwati, anzake a kuntchito amalonjeza zakutizakuti pa kilomita iliyonse, ena mwachifundo, ena pongofuna kuona akauntanti wamimba uja akukwera chitunda ali wefuwefu. Ndalama ya wachifundo ndi ya wofuna kuseka zikalowa m'lichero limodzi sizisiyana mtundu.

Ndipo nkhani ya Terry Fox wa ku Canada imausokoneza mwambiwu kotheratu. Mnyamatayu adadulidwa mwendo chifukwa cha khansa, ndipo mu 1980 adanyamuka ndi mwendo woikirira kuti adutse dziko lonselo wapansi, kutolera ndalama za kafukufuku. Adathamanga masiku 143, makilomita 5,373, mpaka matenda adafika m'mapapo n'kumuimitsa panjira. Adamwalira mu 1981 ali ndi zaka 22, asanafike wapansi ku nyanja imene ankalowera. Kunena mwa makolo athu, ameneyu sadafike. Komabe chaka ndi chaka anthu m'maiko ambiri amathamanga m'dzina lake, ndipo ndalama zake zikulowabe m'malabotale. Apa ndiye poyenera kuumvetsa mwambi uja mwatsopano. Pa liwiro lotere, woyenera kufika si mwini miyendo ayi. Choyenera kufika ndi chimene wasenza.

Wina anena kuti kafukufuku ndi wa maiko okhuta, ife tikufuna mankhwala basi. Amene akunena zimenezi akadzapita ku chipatala cha Gulupu akafunse chimene anamwino amagwiritsa ntchito poyeza khansa ya khomo la chiberekero, matenda amene Malawi ali m'gulu la maiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse. Akamuuza kuti ndi viniga, mbale wake wa uja timathira mu tchipisi pachiwaya. Akapakidwa pa khomo la chiberekero, malo amene ayamba kuwonongeka amayera, ndipo nthawi zambiri amatha kuthandizidwa tsiku lomwelo. Nzeru yotchipa chonchi sidagwe ndi mvula, adaipeza ndi anthu ofufuza. Katemera wa HPV, amene boma lidayamba kupereka m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9 mu 2019, nayenso ndi mwana wa kafukufuku. Ndipo pali mafunso athuathu amene mlendo sangawathamangire, monga chifukwa chake khansa ya kummero ili yochuluka chonchi kuno kuposa maiko ambiri. Madokotala a ku Gulupu ndi a sukulu ya ukachenjede ya KUHeS, yomwe ili chapafupi pomwepo, sangayankhe mafunso otere ndi manja okha. Ngakhale makina owotchera khansa, amene kwa zaka zambiri odwala ankawalondola ku India, ku Tanzania kapena ku Zambia, adafika mu Blantyre mu 2024 pa International Blantyre Cancer Centre ku Nyambadwe, khomo loyandikana ndi Ndirande. Zonsezi zimadya ndalama ngati ng'anjo idya nkhuni.

Koma pali dandaulo limodzi limene silingakankhidwe ndi nthabwala, ndipo apa mwambi uja umaluma. Ndalama nazonso zimathamanga osafika. Zimanyamuka bwinobwino m'thumba la wopereka, n'kupumira kaye pa matisheti, n'kumwa madzi pa tenti, n'kucheza ndi woimbitsa nyimbo, n'kugona ku hotela kumene komiti ikukambirana za mpikisano wa chaka chamawa, ndipo zikamafika ku wodi zimakhala zaonda kuposa wothamanga uja. Cheke chojambulitsa chimakhala chachikulu ngati chitseko, anthu anayi kuchigwira, koma kukula kwa pepala sikugula jakisoni. Mankhwala a vutoli si kuleka kuthamanga, monganso sitidaleke maukwati chifukwa wowerenga ndalama wina adalowetsa dzanja m'lichero. Ku ukwati timaika anthu a mbali zonse ziwiri patebulo, ndipo mwambo usanathe amalengeza poyera kuti zapezeka zingati. Okonza mipikisano achite chimodzimodzi: anene zimene zalowa, zimene zadyedwa ndi matisheti, ndi dzina la wodi kapena kafukufuku amene walandira zotsalazo. Wothamanga amene amadziwa nthawi yake mpaka masekondi asachite manyazi kufunsa za makwacha.

Chotsala ndi liwiro lina limene lilibe nambala pachifuwa. Odwala ambiri amafika ku Gulupu matenda atakhazikika kale, atazungulira kwa asing'anga, kwa aneneri ndi pa golosale pogula panado, mtunda woposa makilomita 21 aja kutalitali. Amenewa athamanga ndithu, koma afika mochedwa. Pamene mayi wa ku Goliyo kapena ku Malabada, amene sakumva kupweteka paliponse, akamanga chitenje n'kuyenda pang'onopang'ono kukayezetsa kwaulere ku chipatala cha boma, palibe womuombera m'manja, palibe womupatsa mendulo, mwinanso apongozi amufunsa kuti ndiwo aphika ndani. Ngati phokoso la mpikisano wa Loweruka lingamukumbutse mayiyu kunyamuka, ndiye kuti bwana wa kabudula uja, ngakhale adabwerera pomwe adayambira ndipo Lolemba akutsika masitepe chammbali ngati nkhanu, thukuta lake lafika.