Ngumbi Zatuluka mu Julaye

Alexandra, Johannesburg
27 Julaye 2021

Achimwene,

Ndili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa mauthenga anu onse a pa WhatsApp funso lake ndi limodzi lomwelo. Ndili moyo, manja awiri, miyendo iwiri, ndipo muwauze alamu kuti munthu amene anamuona pa vidiyo atasenza firiji pamutu si ine. Msana wanga mukuudziwa, thumba la feteleza lokha limandigonetsa. Nkhaniyi ndi yaitali, ya pa foni ingandithere mayunitsi, n'chifukwa chake ndapatsira kalata dalaivala uja amabweretsa katundu wa anthu kumeneko.

Kuno ngumbi zatuluka mu Julaye, kukuzizira chonchi, popanda ndi dontho lomwe la mvula. Mukumbukire chulu chija cha kuseri kwa khola la agogo, mmene mudzi wonse unkakhamukirako zikayamba kuuluka: wina beseni, wina ndowa, wina chipewa, mwana wopanda chotengera n'kumangoponya m'kamwa. Ndiye chulucho muchikulitse, muikemo masitolo ndi mabanki, muchitche Pan Africa Mall. Zimene ndinaona Lolemba pa 12 ndi zimenezo.

Mvula yake inagwa kutali ndi kuno. Khoti lalikulu linagamula kuti a Zuma, mtsogoleri wakale wa dziko lino, akakhale kundende miyezi 15 chifukwa chokana kukaonekera ku komiti ya a Zondo yofufuza za kubedwa kwa chuma cha boma. Usiku wa pa 7 anadzipereka, n'kuwatengera kundende ya Estcourt. Anthu awo ku KwaZulu-Natal anayamba kutentha mathiraki pa Mooi River, pa msewu wa N3 umene umabweretsa katundu kuchokera kudoko la Durban. Pofika Lamulungu utsi unali utafika ku Joni. Koma musanamizidwe kuti aliyense amene anathamanga ndi beseni ankalira a Zuma. Ndinafunsa mnyamata wina woyandikana nafe, atapinda matiresi pamsana, ngati akuwapititsira mkuluyo kundende. Anati a Zuma ali nawo matiresi awo kwawo ku Nkandla, awa ndi ake. Wotola ngumbi safunsa kumene mtambo wachokera.

Choyamba kundiseketsa chinali mamasiki. Boma lakhala likuchonderera anthu chaka chonse kuti aziphimba pakamwa ndi mphuno chifukwa cha Covid, iwo osamva. Tsiku limenelo aliyense anamvera lamulo mopitiriza muyeso, ena anaphimba mpaka zikope. Mowa unali woletsedwa kuyambira kumapeto kwa Juni, ndiye mungadziwe nokha kuti una woyamba kufukulidwa unali uti. Lamulo loti pofika 9 koloko usiku aliyense akhale ali m'nyumba linatsala ndi ife alendo tokha olitsata.

Otola ake analipo a mitundumitundu, monga zimakhalira pachulu. Panali agogo aakazi oyenda pang'onopang'ono ndi thumba la ufa pamutu, botolo la mafuta ophikira m'khwapa, osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Panali ana okoka matewera ndi mabisiketi. Panali anyamata a ma TV, othamanga chammbali chifukwa katundu wawaphimba kumaso. Ndiye panali aja a "ichi chakoma, ichi chakoma", amene amataya chimene anyamula akaona china chonyezimira. Bambo wina wa mu mzere wathu anabwera ndi thumba lodzaza nsapato zatsopano, atakhutula anapeza zonse ndi zakumanzere, paja zoonetsera pashelefu amaika imodziimodzi. Mpaka lero akufunafuna amene anatola zakumanja kuti akambirane. Wina anakoka makina ochapira zovala mpaka m'chisakasa chake cha malata momwe mulibe mpopi. Pano akusungiramo mbale.

Amene anandinyansa ndi a magalimoto. Paja kwathu kuli anthu ena oti nkhokwe ili tho, koma akamva kuti kwa amphawi ngumbi zatuluka amabwera ndi ndowa ziwiri. Kuno anabwera ndi magalimoto abwinobwino, kuimika mwaulemu, kutsegula buti. Ku Durban anajambula mnyamata akulongedza zakudya mu Mercedes. Wina analimbana ndi TV yaikulu kuposa chitseko cha galimoto yake, akuitembenuza uku ndi uku, dziko lonse likuonera pa foni. Komweko ku Durban sofa ya buluu ya mtengo pafupifupi R68,000, kumeneko ndi ndalama zoposa K3 miliyoni, inajambulidwa ili panja pakati pa zisakasa, ndipo yatchuka kuposa nduna zina. Kuno kwathu ku Alex anakafika mpaka ku wailesi ya Alex FM n'kuzula zipangizo zoulutsira mawu. Wailesi yomwe ikanawauza kuti apolisi ali pati, anaitola nayonso.

Mufunsa kuti nanga agang'a, apolisi amene, anali kuti. Analipo, koma ochepa, ndipo mano awo anali zipolopolo za mphira. Amaluma mbali ino, anthu n'kuzungulira mbali inayo. Ena ndinawaona atangotsamira galimoto yawo, akuonerera. Asilikali anatumizidwa 2,500 poyamba, kenako akuti 25,000, koma ambiri anafika ngumbi zitatha, kudzalondera mapiko. Ndipo mapiko ake, achimwene! Mmawa mwake msewu wonse unali mbuu: makatoni, mapepala, zopachikira zovala, magalasi osweka, matilole ogudubuzika chagada, ufa ndi shuga zitasakanikirana ndi matope a m'ngalande. Ku Soweto eni mudzi anachita zanzeru, anazungulira Maponya Mall usiku ndi usana kuti pasalowe munthu, ndipo inapulumuka. Malo ena eni mataxi ndiwo anaima pazipata. Amenewo ndiye agang'a enieni, munthu sawayesa kawiri.

Ife a ku Malawi tinatseka chitseko, kutchinga ndi bedi, kuzimitsa getsi. Kwa eni kulibe mkuwe. Paja zipolowe zija zolimbana ndi alendo za Meyi 2008, zimene zinapha anthu 62, zinayambira m'misewu yomwe ino ya Alexandra, ndipo aliyense wa ife akudziwa kuti chipwirikiti chikasowa kolowera chimatembenukira kwa mlendo. Mayi mwini nyumba, amastandi athu, anagogoda kuti titulukemo tikawathandize kunyamula, amvekere amuna athunthu kubisala pamene chakudya chikuuluka chokha. Tinati tikudwala chimfine. Mawu akuti chimfine masiku ano amathamangitsa munthu kuposa galu, koma iwo sanathawe. Anabwerera madzulo ndi firiji yaikulu yogona ija, ati kwawo yasowa malo, igone kwathu. Ungawakanire bwanji eni chipinda? Tinagona mopingasa, firiji pakati, ife m'mbali, aliyense akupemphera chamumtima.

Kenako kunamveka kuti apolisi ndi asilikali ayamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa malisiti. Apa ndiye munthu unaona zodabwitsa. Mafiriji anamera miyendo. Usiku ankatuluka okha m'nyumba n'kukaima m'mphepete mwa msewu, mmawa aliyense akudutsa ngati sakuwadziwa. Yathu ija inatuluka usiku womwewo, titainyamula anthu amene tinakana kuinyamula polowa. Nzika ikapezeka ndi katundu wopanda lisiti, mwina amangolanda katunduyo. Ine akandifunsa lisiti, funso lachiwiri ndi pasipoti, lachitatu ndimakayankhira ku Lindela, kosungirako alendo oti abwezedwe kwawo. Tinagwedeza chipinda chonse kufuna lisiti la kasitovu kathu ka mbale ziwiri kamene tinagula kwa munthu pamsewu zaka zapitazo. Pano ngakhale ndikagula buledi, kapepala kake ndimakapinda bwinobwino n'kukaika m'thumba limodzi ndi chithunzi cha ana.

Achimwene, sitolo ija ndinkagwirako ntchito kulibenso.

Ndinapitako zitazizira. Zitseko zachitsulo anazipinda, mashelefu anazula, mawaya a magetsi anasolola m'khoma, kumbuyo kunali kukufukabe. Abwana ndinawapeza atakhala pansi pakhonde, munthu wamkulu, makiyi ali m'manja, palibe choti atsegule. Akuti akudikira a inshuwalansi ya boma yoona za zipolowe, ya Sasria, ndipo sakudziwa ngati adzatsegulenso. Anzanga a ziphaso ali ndi kolembetsa kuti alandireko kangachepe. Ine ndinkalandirira m'manja Loweruka lililonse, dzina langa silili m'buku lililonse. Malipiro a sabata yomalizayo anapsera momwemo.

Ndiye ndalama ya mwezi uno sibwera. Ndikudziwa kuti mtsikana wathu akufunika fizi, ndikudziwa za mankhwala a BP a amayi, ndipo malata aja ndinalonjeza kuti afika dzinja lisanayambe ndawaika kaye pambali. Ngakhale ndikanakhala nayo, kakauntala kamene tinkatumizirapo ndalama kanali mu mall momwemo. Makina a ndalama a m'khoma anawaswa, ndipo mabanki achenjeza kuti tisalandire ndalama zothimbirira utoto chifukwa ndi zochokera m'makinawo. Wina akakupatsa chenje umayamba wayang'anitsa kudzuwa. Ufa timakagula kutali pa taxi, ndalama ya ndiwo n'kuthera pa msewu. Mwana wa azakhali ku Durban ndinalankhula naye, ali bwino, koma akuti anaima pamzere kuyambira m'bandakucha kudikira buledi, ndipo petulo kunalibe.

Zoseketsa zija zili ndi maliro ake. Boma likuti anthu oposa 300 afa. Ku Meadowlands, pa Ndofaya Mall, anthu 10 anafa popondana. Ku Phoenix, kufupi ndi Durban, anthu otchinga misewu poteteza nyumba zawo anapha anzawo ambiri, ena ongodutsa, ndipo nkhani yake yasanduka ya khungu. Ine ndi maso angawa ndinaona mnyamata atagona pafupi ndi pokwerera mataxi, atamufunditsa katoni, mapazi ali panja. Msinkhu wake ngati wa mwana wanu woyamba. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinkawerenga mtunda umene bokosi langa lingayende, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka kudzatsika pa Ntcheu, ndi ndalama zimene anzanga osowa kale angasonkhe. Ndinalakalaka nditakhala pakhonde pa amayi, ndikukazinga chimanga, wopanda kalikonse m'thumba koma wosaopa kugogoda kwa munthu.

Agogo a thumba la ufa aja ine sindiwaweruza. Kuno munthu mmodzi mwa atatu alionse ofuna ntchito alibe ntchito, ndipo R350 imene boma linkapereka kwa osowa chifukwa cha Covid inatha mu Epulo. Ukaima pamtunda pano umaona nyumba zazitali za magalasi za ku Sandton, kungowoloka msewu wa M1, pamene iwe chimbudzi ukugawana ndi mabanja khumi. Njala yoonera chakudya pawindo ndi yoopsa kuposa ya kumudzi. Amene sindikuwamvetsa ndi oyatsa moto. Kwathu wotchera ngumbi sagumula chulu, amadziwa kuti chaka chamawa adzabweranso ndi beseni lomwelo. Kuno anatola, kenako n'kuthira petulo. Lero amene ankagulitsa tomato pakhomo pa mall alibe womugula, agogo omwe aja akukwera mataxi awiri kukalandira penshoni, ndipo mnyamata wa matiresi uja mlongo wake ankagwira ntchito pa thilu m'sitolo ina momwemo. Akugona pofewa, nyumba yonse ilibe wolandira malipiro.

Pa tsiku la Mandela, pa 18, anthu anatuluka ndi matsache kukasesa. Ndinapita nawo, paja kusesa sikufuna lisiti. Ena mwa osesa mwakhama ndinawazindikira nkhope ngakhale anavala mamasiki, ndipo mmodzi anali atavala jekete yatsopano, kapepala ka mtengo kakulendewerabe kumbuyo. Palibe anamuuza. Lamulungu lapitali Pulezidenti Ramaphosa alengeza kuti R350 ija ibwereranso mpaka Malichi chaka chamawa, ndipo mowa autsegulira. Anthu anaimba nthungululu, kenako anakumbukira kuti mogulitsira mowa mwatsala makoma okhaokha. Za R350 ife tisalowerere, a mapepala ngati angawa sawerengedwa.

Tsopano mumve bwino. Mbuzi yaimuna ija igulitseni, mulipire theka la fizi, mukawapemphe aphunzitsi aakulu kuti atidikire mwezi umodzi. Yaikazi musaikhudze, ili ndi bere. Ndalama yotsalayo mugulire amayi mankhwala a miyezi iwiri, musadikire kuti athe. Iwowo musawauze za ntchito, mungoti njira zotumizira ndalama zasokonekera, zimenenso ndi zoona. Mayi a ana ndiwauza ndekha.

Pali mkulu wina wa ku Mozambique wowotcherera zitsulo amene wanditenga kuti ndizimugwirira. Aliyense amene sitolo yake yatsala akufuna chitseko chachitsulo chokhuthala kuposa chakale, ndiye ntchito yamuchulukira mpaka akukana ena. Maso akuwawa ndi moto wake, koma akuti azindipatsa Loweruka lililonse. Ikakwana yoti n'kutumiza ndipatsira dalaivala yemweyu ulendo wake wotsatira, mumupatse nambala ya foni imene ikugwira. Akamabwerera kuno mundiikireko usipa ndi nandolo pang'ono, mumange bwino m'pepala lapulasitiki kuti asadandaule za fungo.

Moni kwa amayi, alamu, ana onse ndi a kumpingo.

Ine mng'ono wanu.